Digiri yophunzitsa ana a mkombaphala: mwana apite kapena adikire chaka chamawa?

MayiWaAtsikana:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku UNIMA ku Zomba kukachita digiri ya Early Childhood Development. Pa fomu anaika zamalamulo poyamba, iyi inali yakumapeto. Kunyumba kuno sitikugona. Malume ake, omwe akhala akuthandiza fizi kuyambira Fomu 1, akuti sangathire ndalama zaka 4 kuti mwana akaphunzire kuimbitsa tiana ndi kutipukuta mamina, ntchito yoti amayi akumudzi akuigwira ulere pa mkombaphala. Akuti akhale kaye, adzayesenso chaka chamawa. Mwanayo akungolira. Amene mukudziwa ndiuzeni zoona zokhazokha: kumeneko amaphunzira chiyani, ndipo akamaliza amawalemba ntchito ndani?

Kaphiri265:
Malumewo apatseni ulemu wawo kkkk. Zaka 4 kuphunzira kuombetsa ana m'manja? Ndiye digiri yotsuka mbale ikubweranso posachedwa.

Nangondo_Bt:
A Kaphiri, inu ana anu mumakawasiya kwa ndani m'mawa? Kapena amakula okha?

Kaphiri265:
Amawasamala antchito, ndipo alibe ngakhale JCE. Ana ali bwinobwino.

WaChakaChachitatu:
Amayi, ine ndikuchita digiri ya mtundu womwewu pa yunivesite ina, ndiye ndiyankhe funso lanu loyamba. Lachiwirilo ndi lowawa, ndiwasiyira achikulire.

Nyimbo ndi masewera zilipodi, sindikana. Koma zambiri ndi kuphunzira mmene mwana amakulira kuyambira ali m'mimba mpaka zaka 8: ubongo, chilankhulo, thupi, mtima. Timaphunzira za zakudya ndi umoyo, chifukwa mwana wopinimbira saphunzira ngati anzake, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 kuno anali opinimbira. Timaphunzira kuzindikira msanga mwana amene samva bwino, wochedwa kulankhula, kapena amene akuchitidwa nkhanza kunyumba. Pali chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT chimene chinapangidwa kuno ku Malawi komwe, kuti tisamayeze mwana wa ku Mangochi ndi zinthu zimene sanazionepo. Palinso kayendetsedwe ka sukulu, malamulo oteteza ana, kafukufuku, ndi kupita kukaphunzitsa kwenikweni.

A Kaphiri, yesani ichi madzulo ano ngati muli ndi mwana wa zaka 4. Thirani madzi ofanana m'makapu awiri ofanana, avomereze yekha kuti ndi ofanana. Kenako, iye akuona, tsanulirani kapu imodzi m'botolo lalitali loonda. Mufunseni ambiri ndi ati. Aloza botolo, ndipo akutsutsani mpaka misozi. Mubwezere madziwo m'kapu muja, anena kuti afanananso. Mwanayo si wopusa, ubongo wake sunafike pogwira kutalika ndi kutambalala nthawi imodzi. Anazifotokoza ndi Jean Piaget wa ku Switzerland. Tsono mphunzitsi wosadziwa zimenezi amamulembera mwana woteroyo 7 + 5 pa bolodi, akalephera n'kumukwapula.

Kaphiri265:
Chabwino ndiyesa. Koma simunayankhe za ndalama.

WakuCapitalHill:
Ndiyankhe ndine, poti ndagwira ntchito m'boma nthawi yaitali ndithu.

Vuto lagona pa kumene nkhani za ana aang'onowa zinaikidwa. Sukulu za mkombaphala sizinakhale pansi pa Unduna wa Zamaphunziro ngati mapulayimale. Zakhala pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo maziko ake onse ndi kudzipereka kwa mudzi. Bungwe la masukulu a mkaka, lomwe pano likutchedwa AECDM, linayamba mu 1970, koma panthawiyo zinali za m'tauni. Ma CBCC, sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi mudzi, anayamba cha mu 1989 mothandizidwa ndi UNICEF. Ndondomeko ya dziko ya za mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, n'kukonzedwanso mu 2017. M'zaka zonsezi mlezi sanakhale wantchito wa boma wokhala ndi nambala, giredi ndi penshoni. Mudzi umamanga shedi, umasonkha chimanga, umasankha amayi awiri atatu oti aziyang'anira ana.

Ndiye mwana wanu akamaliza, palibe mzere woti akaime ngati wa omaliza ku koleji ya aphunzitsi (TTC) amene amadikira kuti boma liwaitane. Amene ndawaona atakhazikika ali ku mabungwe oona za ana, ena ku maofesi a zachisamaliro cha anthu m'maboma, ena akuphunzitsa alezi, ena akuyendetsa sukulu za pulayiveti kapena anatsegula zawo. Ntchito zilipo koma ndi zoti munthu asake yekha, ndipo za kumabungwe zimatha projekiti ikatha.

Chimene chingasinthe zinthu ndi nkhani imene Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukunena yoika kalasi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ana asanalowe Sitandade 1. Ikakhazikika m'masukulu onse, padzafunika aphunzitsi ake, owaphunzitsa aphunzitsiwo, olemba mabuku ndi oyendera. Anthu a digiri iyi ndi ochepa, ndiye adzakhala patsogolo. Koma malume musawalonjeze tsiku.

Mlezi_Thyolo:
Ndawerenga zonse, ndipo mawu a malume aja andibaya, ngakhale sananame. Inde timagwira ulere. Ndine mmodzi wa amayi akumudziwo.

Ine maphunziro anga a ulezi anali a masabata awiri basi, ndipo anzanga amene ndimagwira nawo sanapiteko n'komwe, ndimawauza ndine zimene ndinamva. M'mawa ndimafika ndisanadye, kusesa, kuyala mphasa. Zidole timaumba ndi dongo, zowerengera ndi zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho, mpira ndi wamajumbo womanga ndi luzi. Ana amabwera ochuluka tsiku limene utsi ukufuka kukhitchini. Ufa wa phala ukatha, ana amachepa okha popanda wowauza.

Zimene akunena a WaChakaChachitatu ndi zomwe ife timazisowa. Pali kamnyamata kena kamene kamakhala pakona, sikalankhula, ukakayitana sikatembenuka, koma kakaona anzake ayimirira nako kamayimirira. Amayi ake akuti n'kamwano, agogo ake akuti kanalodzedwa. Ine ndikuganiza kuti ndi makutu, poti kamatuluka mafinya, ndipo ndinawauza apite kuchipatala. Koma mawu a mlezi wopanda pepala salemera. Akanabwera munthu wophunzira n'kunena zomwezo, bwenzi atapita kale.

Ndiye amayi, mwana apite. Koma funso langa kwa ophunzirawo ndi ili: mukamaliza mudzabwera kudzakhala pamphasa ndi ana, kapena mudzangobwera pa galimoto ndi mafomu oti ife tisayine?

Nangondo_Bt:
Funso limeneli lokha ndi digiri.

WaChakaChachitatu:
Amayi a ku Thyolo, ndikuyankheni mosabisa. M'kalasi mwathu amene akulota zokakhala pamphasa tsiku ndi tsiku ndi owerengeka. Si kunyada ayi. Ambirife tili pa ngongole ya boma ya ophunzira, ndipo idzafuna kubwezedwa. Pa CBCC palibe malipiro. Ndiye zimachitikadi kuti wodziwa zambiri za mwana amakhala kutali ndi mwanayo, wokhala naye pafupi ndi amene anaphunzira masabata awiri. Izi ifenso zimatisowetsa mtendere.

Mphunzitsi_Std1:
Ndilankhuleko ine amene ndimalandira zipatso zake. Ndimaphunzitsa Sitandade 1, kalasi yopitirira ana 100. Sabata yoyamba yokha ndimadziwa amene anadutsa pa mkombaphala wabwino. Amadziwa kukhala pansi kumvera nthano mpaka kumapeto, kupempha kupita kuseri, kudikira nthawi yake, kugwira pensulo. Zimenezo ndi zimene ndimafuna. Kuwerenga ndiphunzitsa ndekha.

Amene amandivuta si okhawo ochokera kunyumba. Palinso ochokera ku tisukulu tina ta pulayiveti tam'makwalalamu, oti amalakatula miyezi yonse ya pachaka m'Chingerezi, mayina a makontinenti, mpaka likulu la Egypt. Mupatseni miyala 5 kuti akupatseniko 3, akuyang'anani m'maso. Makolo ake amasangalala kuti mwana akulankhula Chizungu, osadziwa kuti akungobwereza ngati wailesi. Wa digiri mmodzi atakhala mkulu pa sukulu yotero angathetse zimenezi, bola mwini sukulu amulole.

BamboWaMapasa:
Apo aphunzitsi ndikutsutsani. Ine ndimalipira kuti mwana alankhule Chingerezi. Chichewa aphunzira kunyumba. Mayeso onse kutsogoloku ndi a Chingerezi, ndipo lamulo la zamaphunziro la 2013 linanena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mukufuna ana athu atsalire?

Mphunzitsi_Std1:
Bambo, palibe wakana Chingerezi. Ndikukana kuloweza zopanda tanthauzo. Mwana amene amatha kufotokoza nkhani yonse m'Chichewa kapena m'Chiyao, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Chingerezi chimamulowa msanga kuposa amene sadziwa kufotokoza kanthu m'chilankhulo chilichonse. Bwerani mudzakhale kumbuyo kwa kalasi yanga mudzaone.

Kaphiri265:
Poti tafika pa tisukulu timeneti, wina andifotokozere za magraduweshoni. Mwana wa zaka 5 gauni, chipewa, keke, wojambula zithunzi, ndalama ya holo. Wamaliza chiyani?

Nangondo_Bt:
Kkkkk apa ndiye tagwirizana koyamba a Kaphiri. Kwathu anatiuza kuti mwana aliyense abwere ndi nkhuku yokazinga ndi kireti ya zakumwa. Mwana wanga anagona pa mpando mwambo usanathe.

BamboWaMapasa:
Ine ndinalipira kawiri, poti ndi mapasa. Musandikumbutse.

MlongoWaPaJoni:
Tibwerere kwa amayi aja abale. Ine ndili ku Johannesburg, ndimagwira pa kireshi. Kuno nkhani imene akunena a WakuCapitalHill anaithetsa pa pepala: mu April 2022 boma linachotsa za ana aang'ono ku dipatimenti ya zachisamaliro n'kuzipereka ku ya maphunziro, ndipo lamulo limene linasainidwa mu 2024 linati Grade R, kalasi ya chaka chimodzi mwana asanalowe Grade 1, ndi yokakamiza. Digiri yodziwika kuno ndi BEd Foundation Phase, yophunzitsa kuyambira Grade R mpaka Grade 3. Ubwino wake ndi woti munthu amalowa nayo m'sukulu ya boma ngati mphunzitsi wathunthu. Koma musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Ife a m'makireshi a m'malokeshoni malipiro ndi ochepa zedi, ndipo ambiri ndife akunja. Wobwera ndi digiri ya kumudzi ayenera kuipititsa ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro, kuti aiyeze, kenako kulembetsa ku SACE, bungwe la aphunzitsi, apo ayi azingosintha matewera ngati ine.

Chipata_Girl:
Kuno ku Zambia boma linalemba aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono mu 2013, n'kuwatumiza m'makalasi amene anatsegulidwa pa mapulayimale a boma. Kuchokera pamenepo makoleji anadzaza, ndipo Chalimbana University ili ndi digiri yake. Koma omaliza anachuluka kuposa malo, ena akhala pakhomo zaka. Ndiye ngakhale boma litatsegula chitseko, si onse amalowa.

Sekuru_Mbare:
Ku Zimbabwe anayamba kale. Lamulo la 2004 linauza mapulayimale kuti atsegule makalasi a ECD A ndi ECD B, zaka ziwiri mwana asanalowe Grade 1, ndipo makoleji a aphunzitsi amaphunzitsa anthu a makalasi amenewa. Adzukulu anga onse anadutsa mmenemo. Kumudzi kuja mukuchedwa chabe, koma mudzafika pomwepo. Mwanayo akadzamaliza mwina zidzakhala zitapsa.

WakuCapitalHill:
Sekuru, "mwina" ameneyo ndi amene malume akukana kulipirira.

ZaKafukufuku:
Ndiponyeko mwala m'dziwe, poti aliyense pano akuganiza kuti kuphunzitsa mphunzitsi ndiye yankho lonse.

Zaka zingapo zapitazo a World Bank pamodzi ndi boma anachita kafukufuku pa ma CBCC 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay. Malo onse analandira zipangizo zosewerera ndi zophunzirira. Kwina anawonjezera maphunziro a alezi a masabata 5 ndi owayendera. Kwina, pamwamba pa maphunzirowo, alezi ankalandira kandalama pamwezi. Kwinanso anaphunzitsa alezi komanso makolo, m'magulu, za kucheza ndi kusewera ndi mwana kunyumba. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Kumene anaphunzitsa alezi okha, kaphunzitsidwe m'kalasi kanasintha ndithu, koma anawo atayezedwa sanapose anzawo. Kumene anaphatikiza makolo ndi kumene ana anapita patsogolo pa chilankhulo ndi pa khalidwe, patatha miyezi 18. Chopweteka n'choti patatha miyezi 36, ana atalowa ku pulayimale, kusiyana kuja kunali kutazimirira.

Ine ndimawerengapo ziwiri. Mwana amakhala pa mkombaphala maola ochepa m'mawa, tsiku lonse ali ndi amake, agogo ake ndi azichemwali ake, ndiye wophunzira za ana amene sadziwa kulankhula ndi makolo pansi pa mtengo waphunzira theka. Chinacho, ungamukonze bwanji mwana, ukamuponya m'kalasi ya a Mphunzitsi_Std1 ya ana 100, zambiri zimasungunuka. N'chifukwa chake digiri yabwino iyenera kufika mpaka zaka 8, osathera pa mkombaphala.

Mphunzitsi_Std1:
Mwandinena koma sindikwiya, ndi zoona. Ife ku TTC tinaphunzira zaka ziwiri zophunzitsa Sitandade 1 mpaka 8 yonse. Za mwana wa zaka 6 payekha zinali zochepa kwambiri. Ndipo m'masukulu ambiri kalasi ya Sitandade 1 ndi imene imakhala pansi pa mtengo, makalasi abwino amapatsa a Sitandade 8 chifukwa cha mayeso.

Kaphiri265:
Ndiye mwavomereza nokha kuti maphunzirowo sathandiza. Kafukufuku wanena.

ZaKafukufuku:
Ayi achimwene, werengani bwino. Anayeza maphunziro a masabata 5 operekedwa kwa anthu ongodzipereka, ena mwa iwo n'kusiya ntchito pasanapite nthawi. Sanayeze digiri ya zaka 4. Chimene anasonyeza n'choti kukonza chinthu chimodzi chokha sikukwanira. Wina ayenera kukhalapo wodziwa kulumikiza mlezi, kholo, chipatala ndi Sitandade 1, ndipo ameneyo sangaphunzire zonsezo pa semina ya kuhotela.

NamwinoKuLeeds:
Ndiwonjezere za kuno, poti ena amafunsa ku inbox ngati digiri imeneyi "imatuluka". Ku England pepala la mphunzitsi limasintha masamu a sukulu. Kwa ana a zaka 3 kupita m'tsogolo, wantchito wamba wa satifiketi ya Level 3 amaloledwa ana 8, koma pakakhala mphunzitsi wa digiri yovomerezeka amaloledwa ana 13. Kwa makanda osakwana zaka 2 ndi munthu mmodzi ana 3. Ndiye mwini sukulu amaona phindu lolemba wophunzira. Koma malipiro a m'manesale ngakhale kuno ndi otsika poyerekeza ndi a aphunzitsi a pulayimale, ndipo digiri yakunja imayenera kuyezedwa kaye. Mwana asasankhe kosi chifukwa cha ndege.

Mlezi_Thyolo:
Munthu mmodzi ana 3? Ife tikanakhala choncho mudzi wonse ukanakhala alezi.

AchimweneAZomba:
Funso lapambali. Amuna amachita nawo kosi imeneyi? Mng'ono wanga akuifuna koma akuopa kusekedwa.

WaChakaChachitatu:
Alipo, ngakhale ndi ochepa. Vuto amakumana nalo kunja: makolo ena safuna mwamuna pafupi ndi tiana tawo, makamaka nkhani yoperekeza kuchimbudzi. Sukulu yolongosoka imakhala ndi malamulo oti wamkulu aliyense, mwamuna kapena mkazi, asakhale yekha ndi mwana kobisika. Akadziwa zimenezo abwere, ana amafunikanso kuona abambo akuimba nawo.

MayiWaAtsikana:
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka batire kutha. Ndawatumizira malume zina mwa izi. Ayankha kuti "ndiye ntchito ya boma palibe eti", basi. Koma sanatseke foni, ndiye mwina tikambirana. China chimene anena ndi choti kuli bwino akachite dipuloma ya zomwezi pa koleji ina ya pulayiveti ya pafupi, yotchipa, azigonera kunyumba.

WakuCapitalHill:
Apo chenjerani mayi. Musanalipire kulikonse, funsani ngati kolejiyo ndi kosiyo zili zovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo muone nokha pa mndandanda wawo, osangomva za pa chikwangwani. Kosi za ana aang'ono zachuluka m'matauni chifukwa n'zosavuta kutsegula: chipinda chimodzi, bolodi, basi. Mwana wa mnansi wanga anamaliza pa ina yotero, pepala lake kulikonse akulikana. Funsaninso kuti ophunzira amapita kukaphunzitsa ana enieni nthawi yaitali bwanji, ndipo amawayendera ndani. Akayamba kuzungulira poyankha, nyamukani.

Komanso malo a ku yunivesite ya boma si chinthu chotaya. Palibe amene angamutsimikizire kuti chaka chamawa adzasankhidwanso, kaya ku zamalamulo komwe anthu amalimbirana koopsa. Ndipo akhoza kupempha ngongole ya ophunzira kuti malume apepukidwe.

Nangondo_Bt:
Komanso mwanayo mwamufunsa? Tonse tikukamba za malume. Akulira chifukwa akufuna kupita, kapena chifukwa sanapeze zamalamulo?

MayiWaAtsikana:
Akufuna kupita. Ndi amene amaphunzitsa Sande sukulu ya tiana kutchalitchi kwathu, ndipo timamukonda. Zamalamulo anaika chifukwa cha malume omwewo.

Kaphiri265:
Ndabwera ndi lipoti. Ndayesa za madzi zija. Waloza botolo, ndipo akuti ine ndi amene sindiona bwino. Mayi ake akuseka mpaka pano. Koma maganizo anga pa za malipiro sanasinthe.

WaChakaChachitatu:
Kkkk mudzamuyesenso akafika zaka 7. Amayi a ku Thyolo, ndili ndi pempho. Tikuyenera kukachita kafukufuku wa chaka chomaliza, ndipo ine ndikufuna kulemba za ana ovutika kumva m'ma CBCC. Mungandilandire? Pamphasa, osati pa galimoto.

Mlezi_Thyolo:
Bwerani mwanawe, koma ndikuuzeni nthawi. Musabwere mu June pamene nkhokwe zili zodzaza ndipo ana ali mbwee. Mubwere mu February, denga likudontha, ufa utatha, alezi anzanga ali ku ganyu. Mukalembe zimenezo. Mutenge nsapato za matope, ndipo nambala ndikutumizirani ku inbox komiti ikavomera.